Khansa ya Fupa la Nsagwada Yobisala Kumbuyo kwa Dzino

Osteosarcoma ndi khansa yoyambira m'maselo omanga fupa, ndipo kawirikawiri imagwira mafupa a pafupi ndi bondo mwa achinyamata. Mwa odwala 100 alionse, osakwana 10 ndi amene imawagwira munsagwada, ndipo ambiri mwa iwowa amakhala a zaka za m'ma 30 kapena 40.

Kuopsa kwake kwagona poti imayamba ngati vuto wamba la mano: tsaya limatupa, dzino limagwedera ngakhale silinabole, ndipo wodwala amathamangira kukalizulitsa, koma bala silipola ndipo chotupa chimakulirakulira. Chizindikiro chosayenera kuchinyozera ndi dzanzi la mlomo wam'munsi ndi chibwano, lomwe limadza chotupacho chikapanikiza mtsempha wodutsa mkati mwa fupalo.

Pa chithunzi cha X-ray, kampata kozungulira muzu wa dzino kamaoneka kotakasuka, ndipo nthawi zina fupa latsopano limamera timizere totuluka mbali zonse ngati cheza cha dzuwa. Makina a CT ndi MRI amaonetsa pomwe nthendayo yalekezera, komabe chimene chimatsimikiza ndi biopsy, kutanthauza kudulako kachidutswa ka chotupa ndi kukaunika pa maikulosikopu. Kuunikaku nkofunika kwambiri m'Malawi muno, momwe mwana akatupa nsagwada madokotala amayamba aganizira khansa ina, Burkitt lymphoma, imene Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 atakumana nayo mwa ana ku Uganda. Imeneyo imaphwa msanga ndi mankhwala, pamene osteosarcoma siichizika popanda opaleshoni.

Dokotala amachotsa chotupa pamodzi ndi fupa labwinobwino lochizungulira, ndipo mano a mbali imeneyo amapita nawo, chifukwa khansayi, ngakhale siifalikira kumapapo kawirikawiri monga ya m'mwendo, imakonda kuphukanso pamalo pomwepo ikatsalirako pang'ono. Nsagwada imamangidwanso ndi fibula, fupa laling'ono la kunsi kwa bondo, lomwe amalichotsa ndi mitsempha yake ya magazi nkuilumikiza ku ya m'khosi, njira imene David Hidalgo anaifotokoza mu 1989. Wodwala amayendabe, popeza fupalo silinyamula thupi kwenikweni. Akatswiri amasiyanabe maganizo pa phindu la chemotherapy, kutanthauza mankhwala opha maselo a khansa, pa khansa ya nsagwadayi, ndipo kuotcha ndi cheza amakugwiritsa ntchito makamaka pamene opaleshoni yalephera kuchotsa nthenda yonse.