Anemoni: nyama ya m'nyanja yamchere m'thanki yapanyumba

M'mphepete mwa nyanja yamchere ya Mozambique, kuyambira pachilumba cha Inhaca kummwera, kudutsa ku Bazaruto, mpaka kuzilumba za Quirimbas kumpoto, mumakhala chamoyo chimene munthu wochiona koyamba amachiyesa duwa lomera pathanthwe, chikhalirecho ndi nyama. Dzina lake ndi anemoni, ndipo mitundu yake imaposa 1,000 padziko lonse. Thupi lake lili ngati thumba limene tsinde lake limamatira pamwala, pamwamba pake pali kamwa limodzi lolowera chakudya ndi kutulukira zotsala, ndipo kamwalo lazunguliridwa ndi timikono tofewa tokhala ndi mbola zosaoneka ndi maso, zimene zimalemaza tinsomba togundako.

Chimene chimavuta posunga anemoni m'thanki yagalasi ndi chakuti mitundu ya m'madzi ofunda siidalira chakudya chogwira yokha. M'mnofu mwake mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala monga amachitira masamba a chimanga, n'kumaigawira nyamayo. Kuwala kukachepa, kapena madzi akatentha kapena kuzizira mopitirira, nderezo zimachoka, anemoni n'kuyera mbuu. Ndipo ogula ambiri amanyengeka pamenepa, chifukwa kuyerako kumakongola m'maso pomwe kwenikweni nyamayo ikufa ndi njala. Zofananazo zinachitikira matanthwe a korali a kum'mawa kwa Africa mu 1998, nyanja itafunda kwambiri.

Munthu wa kumapiri a Mozambique, monga ku Tsangano kapena ku Macanga, amene nyanja yamchere ili naye kutali makilomita mazanamazana, ayenera kudzipangira yekha madziwo. Madzi a m'nyanja amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse, koma mchere wothira m'ndiwo sungagwire ntchito imeneyi, popeza ulibe calcium, magnesium ndi michere ina pamlingo wofunika. Pamafunika mchere wopangidwira thanki, wosungunulidwa m'madzi osefedwa bwino. Madzi akamauma n'kuchepa, owonjezera akhale opanda mchere, pakuti chimene chauluka ndi madzi okha, mchere watsala momwemo. Mdani wamkulu kuderali, komabe, ndi chisanu. Mphepo yam'mapiri imene imapatsa Tsangano mbatata ya kachewere ndi tirigu ndi yomweyo imene ingaphe anemoni, nyama yofuna madzi a madigiri 24 mpaka 27 usana ndi usiku, mu Juni ndi Julayi momwe. Hita, nyale zowala kwambiri ndi pampu yoyendetsa madzi zonse zimadya magetsi, kotero kuti wopanda mabatire ndi sola zosungira magetsi akathima asayambe n'komwe. Wofuna nsomba zokongola m'nyumba ali ndi poyambira pafupi: mbuna za m'nyanja ya Malawi, imene ku Mozambique amaitcha Niassa, n'za madzi opanda mchere, n'zolimba, ndipo zimasungidwa m'mathanki mpaka ku Ulaya, ngakhale kuti nazonso zimafuna hita kumapiri.

Thanki yatsopano siilandira anemoni. Pamafunika miyezi 6 kapena kuposerapo kuti mabakiteriya osandutsa zonyansa za nsomba kukhala zosaopsa achulukane m'miyala, madziwo n'kukhazikika. Ikaikidwamo, anemoni imadzisankhira yokha pokhala, ndipo ikapanda kukhutira ndi kuwala kapena kayendedwe ka madzi imakwawa pang'onopang'ono kufuna malo ena. Apa m'pamene zambiri zimafera, pokokedwa ndi pampu yosatchingidwa ndi sefa. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa ndi poizoni kwa iyo. Chakudya chake ndi kachidutswa ka nsomba ya m'nyanja yamchere kamodzi kapena kawiri pa sabata. Yathanzi imamata chala ndipo imatseka kamwa lake. Imene yangoti kukamwa yasa, n'kumasuka pamwala, ikudwala, ndipo ikafa ichotsedwe nthawi yomweyo isanaononge madzi onse.

Ambiri amafuna anemoni chifukwa cha tinsomba ta mtundu wa Amphiprion, timene tinatchuka ndi filimu ya Finding Nemo mu 2003. Tinsombati tili ndi mamina apakhungu otiteteza ku mbola, motero timabisala m'timikono ta anemoni, nato n'kumaithamangitsira nsomba zofuna kuidya. Mitundu ya anemoni yosunga tinsombati ndi pafupifupi 10 yokha, ndipo iliyonse yozulidwa pathanthwe ingasiye banja la nsomba pambalambanda, chinthu chopweteka kwambiri munthu akakumbukira kuti nyamazi zimakhala moyo nthawi yaitali. Mwachitsanzo, mu 1828 munthu wina wotchedwa Sir John Dalyell anatola anemoni ya m'madzi ozizira ku North Berwick m'dziko la Scotland, ndipo inakhala m'chotengera chagalasi mpaka 1887, iye atamwalira kale. N'chifukwa chake woyamba kumene ayenera kufuna mtundu wa Entacmaea quadricolor, umene umapirira kuposa inzake, ndiponso umadzigawa pawiri m'thanki ukakula, moti angagule yobadwira m'thanki ya mnzake popanda kuzula ina m'nyanja.