Kodi Petulo wa Nambala Yaikulu Amaonjezera Liwiro?

Loweruka madzulo, pamene amakanika a ku Kabwata ali kusamba m'manja ndi kulonga zipangizo zao, nkhani imene siicedwa kubuka ndi ya petulo. Anyamata amene anaitanitsa magalimoto a liwiro ku Japan, monga Subaru Impreza WRX ndi Toyota Altezza, amati petulo wa kuno ndi wofooka, ndi kuti galimoto yomwetsedwa petulo wa nambala yaikulu imacita kuuluka. Ena amafika pogula timabotolo ta mankhwala m'masitolo a mkati mwa tauni nathira m'thanki, poyembekezera kuti pa mseu wa Great East, popita ku Chelstone, sipadzakhala wowapitirira.

Mkangano umenewu si wa lero ai. Akuluakulu a ku Woodlands ndi Kabulonga, amene anayendetsa magalimoto a Fiat omangidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970, akumbukira kuti pomwetsera mafuta panali mitundu iwiri ya petulo, "premium" ndi "regular". Petuloyo anali kuyengedwa ku Indeni mu Ndola, fakitale imene inatsegulidwa mu 1973, ndipo munthu wodzilemekeza anali kuimika galimoto yake pa pampu ya mtengo wapatali ngakhale injini yake isanapemphe zimenezo.

Nambala imene anthu amalimbirana ichedwa octane. Ambiri amaganiza kuti ndi muyeso wa mphamvu imene iri mu petulo, koma sizitero. Mkati mwa injini, pisitoni imapanikiza mpweya wosakanizidwa ndi petulo, kenaka pulagi imayatsa moto umene uyenera kufalikira mwa dongosolo ndi kukankha pisitoniyo. Kutentha ndi kupanikizika zikapyola muyeso, mbali ina ya msanganizowo imaphulika yokha moto wa pulagi usanaifikire. Pamenepo woyendetsa amamva kaphokoso konga timiyala togwedezeka m'citini. Amakanika amati injini iri kugogoda. Octane ndiye muyeso wa mmene petulo amapiririra asanaphulike yekha. Muyesowo unakonzedwa ku America m'zaka za m'ma 1920 ndi katswiri wina dzina lake Graham Edgar, amene anatenga mitundu iwiri ya mafuta, wosaphulika msanga naupatsa 100, wophulika msanga naupatsa 0. Kunena za mphamvu, lita imodzi ya petulo wa 91 ndi lita imodzi ya wa 98 sizisiyana kweni-kweni.

Nanga cifukwa ninji eni magalimoto a liwiro amalumbira kuti amaona kusiyana? Ena a iwo sanama. Injini zao zinapangidwa kuti zizipanikiza mpweya kwambiri, ndipo zina ziri ndi turbo, cipangizo cokankhira mpweya woonjezera mu injini. Injini zotere zimagogoda msanga. Magalimoto a makono ali ndi kacipangizo komvera kugogodako. Kakangomva, kompyuta imacedwetsa moto wa pulagi kuti iteteze injini, ndipo mphamvu imatsika. Galimoto yotere ikalandira petulo amene opanga anaikonzera, kompyuta imabwezera moto pa nthawi yake, mphamvu nibwerera. Petuloyo wangobweza zimene zinali zitatayika. Koma Toyota Corolla ya mphunzitsi, imene siigogoda ndi petulo wamba, ingamwetsedwe wa nambala yaikulu caka cathunthu osasintha kanthu kupatula ndalama za m'thumba.

Pali cinthu cina cimene okangana a ku Kabwata amaiwala kawiri-kawiri, ndico malo amene mzinda uno unakhala. Lusaka ali pa mtunda wa mamita pafupi-fupi 1,280 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 7 poyerekeza ndi wa ku Dar es Salaam kapena Durban. Injini yopanda turbo imakoka mpweya wocepa, motero kupanikizika kwa mkati kumacepa, ndipo kugogoda sikubwera msanga. N'cifukwa cake ku South Africa petulo wa 93 amagulitsidwa m'madera okwera monga Johannesburg, pamene m'mbali mwa nyanja amagulitsa wa 95. Mpweya wopepukawo umadyanso mphamvu ya injini, ndipo palibe petulo angaibweze. Altezza imene inali kuthamanga bwino ku Yokohama idzaoneka yaulesi pang'ono pa Independence Avenue, mwini wake nadzanamizira pampu. Injini ya turbo ndiyo yosiyana: imadzikankhira yokha mpweya umene usowa, motero kukwera kwa malo sikuipulumutsa kwambiri.

Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Ku Japan petulo wamba amayambira pa 89, ndipo wapamwamba pa 96, nthawi zambiri nafika pafupi ndi 100. Galimoto yofuna wapamwambayo imakhala ndi cizindikiro kuseri kwa kacitseko ka thanki, koma colembedwa m'Cijapani, ndipo wogula ambiri sakhoza kuciwerenga. Kuno bungwe la Energy Regulation Board limalengeza mtengo umodzi wa petulo, ndipo Indeni inaleka kuyenga mafuta. Petulo amabwera woyengedwa kale kucokera kunja. Mwini WRX amene aponda mafuta mpaka pansi masana a mwezi wa October, galimoto itadzaza anzake, amaikakamiza kompyuta kufika pamene singathenso kuteteza. Kugogoda kopitirira kumathyola mphete za pisitoni, nthawi zina nkuboola pisitoni yeniyeniyo.

Timabotolo tija sitithandiza monga mmene tinalembedwera. Botolo lolonjeza "mapointi 4" kawiri-kawiri limatanthauza 0.4, ndipo ena a mankhwalawo amasiya utoto wofiirira pa mapulagi. Kale octane anali kukwezedwa ndi mtovu, njira imene Thomas Midgley anaitulukira mu 1921, koma mtovu unapezeka kuti ndi poizoni, maka-maka kwa ana, ndipo dziko lotsiriza kuugulitsa m'mapampu, Algeria, linaleka mu 2021.

Anyamata ena amachula dzina la Satwant Singh, amene anakhala ngwazi ya mipikisano ya magalimoto mu Africa kasanu ndi katatu, namati a mipikisano amathira petulo wapadera. Galimoto ya mpikisano imacita kukonzedwa dala, injini ndi kompyuta yomwe, kuti igwirizane ndi mafuta amene idzamwa.

Amakanika odziwa nchito, akabweretseredwa galimoto yogogoda, sathamangira ku nkhani ya pampu. Amayamba ayang'ana mapulagi, madzi oziziritsa injini, ndi mwaye umene umaunjikana pamwamba pa mapisitoni. Kenaka amafunsa mwini wake ngati anagulapo petulo wa m'zigubu m'mbali mwa mseu, pakuti parafini wocepa cabe wosakanizidwamo amatsitsa octane kuposa mmene botolo liri lonse la m'sitolo lingamkwezere.