Nsato yoweta m'nyumba si imene mwaipeza ku dimba

M'mafoni a achinyamata ku Chidzolomondo, ku Furancungo mpaka ku Tsangano mukuyenda mavidiyo a anthu atanyamula nsato yaing'ono, itadzikulunga pa mkono ngati chibangili. Ena amamva kwa abale awo ogwira ntchito zam'nyumba ku Joni kuti abwana amaweta njoka m'bokosi lagalasi, ndipo anachita kuigula. Ndiye mnyamata akapeza kamwana ka nsato ku dimba, maganizo amabwera msanga akuti ndikasunge, mwina kapezeka wogula. Koma njoka ya pa vidiyo ija ndi ya ku dimba kwathu ndi mitundu iwiri yosiyana.

Yoweta ija pa Chingerezi amaitcha ball python, pa Chipwitikizi pitão-real, ndipo akatswiri amati Python regius. Kuno ku Moçambique sipezeka m'tchire. Kwawo ndi kuzambwe ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zogulitsidwa kunja zimachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Ikakula imangofika mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ilibe ululu, ndipo ndi yamantha: ikaopsezedwa imadzipinda n'kukhala ngati mpira, mutu n'kuubisa pakati, ndipo dzina lachingerezi lija linachokera pamenepa. Masana imakhala mu una wa makoswe kapena m'chulu, imatuluka usiku. Ku Ouidah, m'dziko la Benin, kuli kachisi kumene njokazi zimasungidwa ndi kulemekezedwa mpaka lero.

Nsato yathu, imene ambiri pa Chipwitikizi amangoti jibóia, ndi Python natalensis. Imaswedwa yaifupi, yosakwana mita, koma yaikulu imapitirira mamita anayi ndipo imameza gwape kapena mbuzi. Nayonso ilibe ululu, koma ndi yaukali, mano ake ndi opindikira m'mbuyo, ndipo bala lake nthawi zina limafuna kusokedwa kuchipatala. Kamwana kamene lero kakukwana mu ndowa, pakapita zaka zochepa simungakanyamule nokha. Choopsa china n'chakuti m'maudzu, makamaka madzulo, munthu angasokoneze kamwana ka nsato ndi mphiri. Mphiri ndi yaifupi, yonenepa, mutu wake ndi waukulu ngati khasu laling'ono, ndipo ululu wake umaoletsa mnofu. Kutola njoka ndi manja chifukwa mwaona mawanga ndi kuseweretsa moyo.

Palinso lamulo. Nsato inalembedwa pa mndandanda wa nyama zotetezedwa m'malamulo a nkhalango ndi nyama zakutchire a 2002. Lamulo nambala 16/2014, limene linakonzedwanso ndi lamulo nambala 5/2017, limapereka chilango chofika zaka 16 m'ndende pa milandu ya kupha kapena kuchita malonda a nyama zotetezedwa. Nsato yoweta ija nayonso ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti siwoloka malire popanda zikalata. Woibisa m'chikwama kuti adutse nayo pa Cuchamano, Zóbuè kapena Calómuè wapalamula. Kuno zikalata zotere zili m'manja mwa bungwe la ANAC. Ku South Africa malamulo oweta amasiyana chigawo ndi chigawo.

Tsono pali abale athu amene njokayi amakumana nayo pa ntchito, abwana atangoigula n'kunena kuti muziyang'anira. Kwa iwo, ndi kwa aliyense amene waipeza m'njira yovomerezeka, chinthu choyamba ndi kuisiya. Njoka yongofika kumene imakhala ndi mantha aakulu: fungo ndi lachilendo, malo ndi achilendo. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri musaigwire, musaitanire anzanu kudzaiona, muzingosintha madzi basi. Anthu odziwa amadikira mpaka itadya kawiri kapena katatu asanayambe kuinyamula. Ambiri amalephera pomwepa, chifukwa munthu akagula chinthu chatsopano manja amayabwa. Zotsatira zake njoka imakana chakudya kwa milungu, mwini n'kumati anamugulitsa yodwala.

Bokosi la njoka yaikulu likhale lotalika pafupifupi masentimita 120, m'lifupi 60, lokhala ndi timabowo ta mpweya ndi chitseko chokhoma. Njokazi zili ndi mphamvu, chivundikiro chongosanjika zimachikankha usiku n'kutuluka. M'kati muike pobisala pawiri, kwina kumbali yotentha, kwina kumbali yozizira. Mbiya yaing'ono yovundikira, yoboola khomo pambali, imagwira ntchito bwino. Pobisalapo pakhale pothina ndithu, poti thupi lizikhudza m'mbali, ngati mu una. Bokosi lagalasi lopanda kanthu limasangalatsa woonera, koma njoka imakhalamo ngati munthu wogona pa bwalo. Pansi pa masiku oyamba yalani mapepala oyera, kuti muone msanga ngati ili ndi nthata, timadontho takuda toyenda pa khungu. Utuchi wa paini ndi wa mkungudza ayi, mafuta ake amaidwalitsa. Ngati pakhomopo pali njoka zina, yatsopanoyo ikhale payokha miyezi iwiri kapena itatu.

Nkhani yaikulu ndi kutentha. Njoka sipanga kutentha m'thupi mwake ngati nkhuku kapena mbuzi, imadalira malo amene ili. Mbali imodzi ya bokosi ikhale pa madigiri 31 mpaka 33, inayo 24 mpaka 26, kuti izisankha yokha. Chotenthetsera chilichonse chidzere pa kachipangizo kotchedwa thermostat, apo ayi njoka imagona pamenepo mpaka kupsa mimba osasuntha. Mpweya ukhale ndi chinyontho cha pafupifupi 60 pa 100 alionse. Kukazizira, chakudya chimaolera m'mimba, imasanza, kenako imayamba kupuma mwa phokoso, kukamwa kuli thovu. Taganizirani usiku wa mu June ndi July ku mapiri a Tsangano ndi Macanga, pamene munthu amafunda mabulangete awiri, ndipo nyumba zambiri zimadalira kasola kotchajira foni. Kuzizira kumene kumakometsa mbatata ya kachewere ndi tirigu kwathu kuno kungaphe njoka imeneyi mwakachetechete. Mu mzinda wa Tete vuto limatembenuka: mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, ndipo bokosi losiyidwa pa windo limasanduka uvuni.

Chakudya chake ndi khoswe kapena mbewa wathunthu, wonenepa mofanana ndi pakati pa thupi la njokayo. Yaing'ono imadya kamodzi pa sabata, yaikulu pakapita sabata ziwiri kapena kuposa. Ku Joni amagula makoswe oweta oumitsidwa mu fuliji, n'kuwasungunula m'madzi ofunda. Khoswe wa m'nkhokwe ndi woopsa chifukwa mwina wadya mankhwala. Wamoyo musamusiye m'bokosi usiku: njoka ikakhala kuti sikufuna kudya, khosweyo ndiye amaidya. Perekani chakudya ndi chopanira chachitali, chifukwa dzanja lonunkha khoswe limalumidwa.

Nthawi yonyamula ikakwana, yambani ndi mphindi zisanu kapena khumi. Isekereni cham'mbali, osati kuchokera pamwamba ngati kabawi, ndipo gwirani pakati pa thupi ndi manja awiri, osafinya khosi, osakoka mchira. Ikadzipinda, ibwezeni. Ikadya, papite masiku awiri musanaigwire. Maso akachita mbuu ngati mkaka ndiye kuti ili pafupi kufundula, siona bwino, isiyeni. Musaikolowetse m'khosi ngati a pa vidiyo, ndipo mukamaliza sambani m'manja ndi sopo, chifukwa njoka zimanyamula tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera asayandikire bokosilo.

Wogula aganizirenso zaka. Njokayi imakhala zaka 20 mpaka 30, ndipo ina ku malo osungira nyama a ku Saint Louis, ku America, inaikira mazira mu 2020 ili ndi zaka pafupifupi 62. Ndiponso tisanamizane: m'midzi mwathu munthu wosunga njoka m'nyumba amatchedwa wokhwima, ndipo mwana wa pafupi akadwala, chala chidzaloza pakhomo pake.

Nanga nsato yathu ikalowa m'khola la nkhuku? Chotsani ana ndi agalu, imani patali, dziwitsani amfumu ndi a ku ofesi ya SDAE ya boma lanu. Mukaipeza ku dimba, ilambalaleni. Nsato yomweyo ndi imene imadya nchenzi zomwe zimatha chimanga ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinje.