Cikomekome ca Mkuyu: Konzani Pansi Musanayale Laminate

Ku Bauleni, komboni imene iri m'mbali mwa mseu wa Leopards Hill mu Lusaka, kuli amisiri a matabwa amene amalawira m'mamawa kukagwira nchito m'nyumba zakale za ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Imodzi mwa nchito zimene akuitanidwira masiku ano ndiyo kuyala laminate, matabwa a kufakitale amene anayambira ku Sweden m'caka ca 1977. Popeza ambiri a inu kumudzi mukumanga nyumba za njerwa ndi malata, ndipo ana anu a m'tauni adzakuuzani za matabwa amenewa, nkwabwino kuti muwadziwe musanataye ndalama za cimanga.

Pamwamba pake laminate imaoneka ngati thabwa lenileni, koma m'kati ndi utuci wopanikizidwa ndi guluu. Ikamwa madzi imatupa, ndipo sibwereranso mwakale. Cotero nchito yaikulu iri pansi, pamene alendo saona.

M'nyumba yakale ya matabwa, mmisiri wanzeru amayamba wayenda cipinda conse akugogoda ndi nyundo. Thabwa lolira ngati ng'oma kapena lofewa polibaya ndi msomali ndiye kuti ciswe kapena cinyontho zalowa kale. Lotere amalizula, naonanso mitanda imene iri pansi pake, ndipo ikakhala yofumbwa amaisintha. Matabwa ogwedera amawakhomera, mitu ya misomali amaimiza, ndi malo otukuka amawapala. Pomaliza amagoneka thabwa loongoka la mamita 2. Mpata wa kunsi kwake usapitirire mamilimita 3, apo ayi mfundo za laminate zidzathyoka anthu akamaponda.

Koma si matabwa onse oyenera kukwiriridwa. Nyumba zina zakale zinayalidwa timatabwa ta mukusi, mtengo wolimba wa m'nkhalango za ku Mulobezi umene ankapangiranso mitanda ya njanji. Timatabwa totere tikapalidwa ndi kupakidwa vanishi timakhalitsa kuposa laminate.

Nyumba zambiri za mu Bauleni momwemo, monganso zanu, ndi za simenti yopakidwa polishi wofiira. Pamenepo tsekani ming'alu ndi maenje, ndipo simenti yatsopano iume mwezi wathunthu kapena kuposa. Kuti mudziwe ngati pansi pamatuluka cinyontho, matani pulasitiki pansipo, muisiye masiku awiri. Mukapeza mame kunsi kwake, musayale kanthu. Yambani mwakonza ngalande ndi denga, makamaka mvula isanayambe mu Novembala. Pa simenti youma yalani pulasitiki coyamba, koma pa matabwa ayi, cifukwa imatsekera cinyontho ndi kuwaoletsa.

Laminate igone m'cipindamo masiku awiri isanayalidwe, ndipo m'mbali mwa zipupa musiye mpata wa mamilimita 10, pakuti imafutukuka nyengo ikasintha.

Zonsezi si zacilendo. Mai aliyense kumudzi amadziwa kuti asanazire nyumba amayamba watseka mauna a mbewa ndi kutsendera dothi. Mmisiri akafulumira kuyala asanagogode pansi, mumfunse cifukwa cake musanamlipire. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.