Mainjiniya Ofufuza Nthaka ndi Miyala

Nyumba, mlatho kapena msewu uliwonse umadalira nthaka imene wakhazikikapo. Maziko akakhala pa dothi lofewa, makoma amang'aluka ngakhale njerwa zake zikhale zolimba bwanji. N'chifukwa chake ntchito yomanga isanayambe, pamafika mainjiniya amene anaphunzira za nthaka ndi miyala. Iwo amaboola pansi ndi makina, natulutsa dothi ndi zidutswa za thanthwe zokayeza ku labotale. Cholinga chawo ndi kudziwa zinthu zitatu: kulemera kumene nthakayo ingasenze, kuya kumene madzi a pansi ali, ndiponso pamene thanthwe layambira.

Nthaka imasiyana malo ndi malo, ngakhale m'chigawo chimodzi cha Indiana. Kalekale dera la South Bend linakutidwa ndi madzi oundana ochindikala kwambiri. Atasungunuka, anasiya mchenga ndi miyala ing'onoing'ono yambiri. Madzi amadutsa msanga mumchenga, kotero wokumba maziko akuya pafupi ndi mtsinje wa St. Joseph ayenera kukonzeratu njira yowaletsera kudzaza dzenjelo.

Ku Indianapolis mainjiniya anakumba mpaka kufika pa thanthwe lenileni. Mipope yakale ya mumzindawu inkanyamula madzi a mvula pamodzi ndi zonyansa za m'zimbudzi, ndipo kukagwa chimvula, zonsezi zinkasefukira mumtsinje wa White River. Pofuna kuthetsa vutoli, kampani ya Citizens Energy Group inakumba ngalande yotchedwa DigIndy, yotalika makilomita 45, pa kuya kwa mamita pafupifupi 76. Ngalandeyi imasunga madzi oipawo kufikira atayeretsedwa. Makina asanalowe pansi, akatswiri anayamba ayeza thanthwe la laimu limene ngalandeyo yadutsamo.

Nako ku Malawi luso limeneli n'lofunika kwambiri. Mu Disembala 2009 zivomezi zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, ndipo anthu ambiri a ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, anataya miyoyo. Katswiri wa nthaka amatha kuzindikira malo otsetsereka amene angagumuke, nachenjeza anthu asanamangepo.

Wophunzira wofuna ntchitoyi alimbikire masamu, fizikisi ndi kemisitiri. Maphunziro ake amapezeka pa yunivesite ya Notre Dame, kufupi ndi South Bend, pa Purdue ku West Lafayette, komanso pa MUBAS ku Blantyre. Ku America, akamaliza zaka zinayi za ku yunivesite, amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi injiniya wamkulu, nalemba mayeso a boma kuti alandire chiphaso chosainira mapulani.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zimene injiniya amafufuza m'nthaka.
2. N'chifukwa chiyani anakumba ngalande ya DigIndy?
3. Funsani makolo anu mmene kwanu amasankhira malo omangapo nyumba.