Kulosera Wopambana pa Nkhonya za MMA

Omvera athu a ku Chintheche ndi m'maboma onse, pa nkhonya za MMA amaloleza zibakera, mateche ndi kugwetsana. Polosera wopambana, musanyengeke ndi kukula kwa thupi. Dzifunseni: kodi munthuyu akagwetsedwa amatha kudzuka? Nanga mpweya wake ungamfikitse kumapeto? Polimbirana lamba amamenyana ndime 5, iliyonse ya mphindi 5. Mu Ogasiti 2025 ku Chicago, Dricus du Plessis wa ku South Africa adalandidwa lamba wa UFC chifukwa Khamzat Chimaev ankamgwetsa ndi kumpanikiza pansi ndime zonse. Ngakhale panyanja, bwato limafika kumtunda ndi mkono wosatopa msanga. Choncho musanabetche ndalama zanu za usipa, lingalirani mafunso aŵiriŵa.