Valavu ya Tayala pa Ulendo Wocokera ku Joni

Magalimoto ambiri amene anyamuka ku Johannesburg kunka kumpoto, kudzera pa Beitbridge, Harare ndi Tete, amasenza anthu ndi akatundu, enanso amakoka kalavani kumbuyo. Kulemera konseko kutsamira pa mpweya wa m'matayala, ndipo cimene cisunga mpweyawo ndico kacipangizo kocepa ngati cala kochedwa valavu.

Mavalavu ali a mitundu iwiri. Valavu yamphira ingokankhidwa m'cibowo ca gudumu, ndipo yotere ya masiku onse, monga ya nambala TR413, inapangidwa kuti isunge mpweya wosapitirira mapaundi 65, ndiko kuti 4.5 bar. Yacitsulo imamangidwa ndi nati, ndipo ndiyo iyenera galimoto yolemera imene matayala ace apopedwa kwambiri. Mphira imang'aluka ndi dzuwa ndi ukalamba. Cifukwa cace munthu wanzeru pogula tayala latsopano agulanso valavu yatsopano.

Ngozi yaikulu ili pa tayala locepa mpweya. Poyenda limapindika m'mbali, kupindikako kumalitenthetsa, ndipo potsiriza limaphulika galimoto ili paliwiro. Pofuna kupewa zotere, dziko la America linalamula kuti kuyambira 2007 magalimoto ang'ono atsopano akhale ndi zipangizo zocenjeza woyendetsa mpweya ukacepa, ndipo maiko a European Union anatsatira mu 2014. Mwini galimoto yakale angathe kugula tizipangizo totere tomangira pansonga pa valavu. Koma gudumu likamazungulira, kulemera kwa kacipangizoko kumaweramitsa valavu yamphira kufikira itang'ambika patsinde. Motero tizipangizoti tifuna valavu yacitsulo.

Mpweya uyesedwe m'mawa, matayala ali ozizira, potsata muyeso wolembedwa m'buku la galimoto. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamcere, pamene Tete ali m'cigwa ca Zambezi. Kutsika kokhako kumacepetsa cimene geji ionetsa ndi pafupifupi 0.2 bar. Ndico cifukwa cace kuyesa kumodzi ku Joni sikukwanira ulendo wonse. Tayala lotentha limaonetsa mpweya wocuruka, koma woyendetsa asaphwetseko, pakuti likazizira lidzakhala loperewera.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Valavu mtengo wace ndi wocepa, ndipo kuyesa matayala onse, pamodzi ndi a kalavani ndi lapadera lija, sikutenga nthawi yaitali. Woyendetsa wocita zimenezi m'mawa uliwonse wa ulendo asamala miyoyo ya onse amene wawanyamula.